Close to the Edge ya Yes: musaithawe pa mphindi zitatu zoyambirira

Achimwene, mwafunsa kuti chimbale cha gulu loimba la ku Britain la Yes chotchedwa Close to the Edge anthu amachitamandiranji, pomwe inu mutachiyika mwangomva phokoso ngati aliyense akuimba zake, mpaka mwazimitsa nyimbo yoyamba isanafike ndi pakati pomwe. Mwafunsanso ngati n'koyenera kutherapo bandulo. Ine ndikuti bwereraniko, ndipo ndikunena izi monga munthu amene chimbalechi chinamulowa m'magazi.

Chinatuluka mu Seputembala 1972, ndipo muli nyimbo zitatu zokha. Yoyamba, yomwe yanyamula dzina la chimbalecho, ndi ya mphindi pafupifupi 19, moti inkadzaza mbali yonse ya mbale zakuda zija za galamafoni. Mukatembenuza mumapeza And You and I ya mphindi 10 ndi Siberian Khatru ya mphindi pafupifupi 9. Kutalikako kusakuopseni. Ife tinakula ndi rumba ya ku Congo, nyimbo imodzi kupitirira mphindi khumi koma osatopa nayo. Kusiyana kwake n'kwakuti rumba imakugwira ndi kugunda kumodzi n'kukuperekeza mpaka kumapeto, pomwe apa nyimbo imakhota kangapo, ndipo kanyimbo kamene mwakamva koyambirira kamadzabweranso patsogolo kataimbidwa mwa mtundu wina. Anyamatawa ankatengera mamangidwe a nyimbo za okestra za ku Ulaya, zokhala ndi zigawo zigawo. Ndi chifukwa chake nyimbo zoterezi amazitcha symphonic rock. Ngakhale pa makonsati awo ankalowa pa siteji kukumveka gawo lomaliza la The Firebird ya Igor Stravinsky.

Tsono phokoso lakuthamangitsanilo analiikamo dala. Nyimbo imayamba ndi madzi oyenda ndi mbalame, kenaka bandi yonse imagwa nthawi imodzi. Gitala ya Steve Howe ikuthamanga mwaukali, ng'oma za Bill Bruford zikukana kukhazikika pamalo amodzi, besi ya Chris Squire ikukwera masitepe. Mwadzidzidzi zonse zii, mawu a anthu n'kufuula "aaa" kamodzi, chipwirikiti n'kuyambiranso. Mukapirira mpaka mphindi yachitatu, gitala yomwe ija imafatsa n'kuimba kanyimbo koyera, kosavuta, koti mawa lake mudzadzipeza mukukaimba ndi mluzu. Kukoma kwa kanyimboka kumachokera ku mavuto amene mwadutsamo kuti mukafikeko. Mukadumpha mphindi zitatuzo, kamangomveka wamba. Jon Anderson, woimba wamkulu, anatenga ganizo la nyimboyi m'buku la Hermann Hesse lotchedwa Siddhartha, lonena za munthu amene anayendayenda kufunafuna mtendere wa mumtima mpaka anakaupeza m'mbali mwa mtsinje. Munthu wosokonezeka m'mutu sangayambe ndi nyimbo yokoma.

Mukamamveranso, musayese kugwira zonse nthawi imodzi. Tsatirani besi yokha. Squire ankaimba besi ya mtundu wa Rickenbacker pogwiritsa ntchito piki, kachipangizo kokhwatchira nsambo m'malo mwa zala, ndipo mawu ake ndi olimba, owala, osabisala kumbuyo monga besi imachitira m'mabandi ambiri. Iye ndi amene akutsogolera njira. Mukamugwira ameneyo muona kuti panalibe wosochera, aliyense ankadziwa pokumanirana.

Pamene pamandigwira mtima ine ndi gawo lachitatu, I Get Up, I Get Down, loyamba mphindi zisanu ndi zitatu zitadutsa. Ng'oma zimaleka. Kumangomveka timadontho ta madzi ndi kiyibodi yoziziritsa, Anderson n'kuyamba kuimba ndi mawu ake apamwamba aja, Howe ndi Squire akumuyankha ndi mawu ena osiyana ndi ake, mizere iwiri ikuyendera limodzi osapondana. Squire ali mwana ankaimba kwaya ya mpingo ku London, ndipo makutu a kwayawo amamveka apa. Amakwera pang'onopang'ono, inu n'kumadikira osadziwa chimene mukudikira. Ndiye limba la m'tchalitchi limatseguka. Limeneli si la pa kiyibodi ayi. Rick Wakeman, woimba makiyibodi wa gululi, anakalijambulira m'tchalitchi chenicheni cha St Giles-without-Cripplegate mu London, limba la mipope, ndipo mukakhala ndi mahedifoni abwino mumamva kukula kwa nyumbayo, mawu akugunda makoma n'kubwerera. Nthawi zonse ndikafika pamenepa ndimasiya chilichonse chimene ndagwira. Kenaka limbalo limapatsira kiyibodi yotchedwa Minimoog, bandi imadzuka, Wakeman n'kuthamanga pa limba lamagetsi la Hammond ngati wapsa zala, ndipo pomwe Anderson akubweretsa korasi komaliza mumazindikira kuti ndi yomwe ija munaimva kale, koma tsopano yakula. Mapeto ake madzi ndi mbalame zija zimabweranso.

Ganizirani kuti zonsezi anazichita popanda kompyuta. Anajambulira ku Advision Studios ku London ndi katswiri wojambula nyimbo Eddy Offord, ndipo nyimbo yaitaliyo sanaiimbe ulendo umodzi. Ankajambula kachigawo, n'kukangana za kotsatira, n'kujambula, Offord n'kumadula tepi ndi lezala n'kulumikiza. Mawu onga a mavayolini amene mukuwamva ndi a Mellotron, kiyibodi yomwe batani lililonse lili ndi kachidutswa kake ka tepi kotha masekondi pafupifupi asanu ndi atatu. Ntchitoyi inali yotopetsa moti Bruford atangomaliza kujambula anachoka kupita ku gulu lina lotchedwa King Crimson, ndipo Alan White ndi amene anakhala pa ng'oma pa ulendo wokaimba nyimbozi pamaso pa anthu. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chovuta chonchi chinafika pa nambala 4 ku Britain ndi nambala 3 ku America.

Za mawu a m'nyimbo, musadzivute ndi dikishonale. Ngakhale eni Chingerezi amakanda mutu. Anderson nthawi zambiri ankasankha mawu chifukwa cha kamvekedwe kake, kuti akhale ngati choimbira china pakati pa zinzake. Anzathu ena pa macheza athu ano anena kuti chimenechi ndi chofooka cha Yes, ndipo ndikuwamvetsa, makamaka amene timafuna nyimbo itiuze uthenga womveka. Koma ine sindinaonepo kuti ndasowa kanthu. Mtima wa nyimboyo umamveka bwino lomwe, ndi wa munthu amene akugwa, kudzuka, kugwanso, osasiya kuyenda.

Ngati mbali yoyambayo ikukulemeranibe, loweraniko pa And You and I. Imayamba Howe akuyesayesa gitala ya nsambo 12, mumamumva mpaka akunena kuti "okay" asanayambe, ndipo imayenda mofatsa kufikira pamene Mellotron ndi gitala ya steel, yoimbidwa potsetsereka ndi kachitsulo pa nsambo, zimatambasuka pakati pa nyimbo. Kwa ine imeneyi ndiyo nyimbo yokongola kwambiri imene Yes inaimbapo. Siberian Khatru ndi yovinika, gitala yake imaluma kuyambira sekondi yoyamba, ndipo pakati Wakeman amaponyamo kachidutswa kothamanga kwabasi ka harpsichord, choimbira chakale chonga piyano.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni: musachimvere pa sipika ya foni, kapena muli mu minibasi. Besi ya Squire ndi limba lija zimafera momwemo. Pezani mahedifoni, madzulo ntchito zitatha, mphindi 38 zokha, foni itagona chafufumimba. Ngati mungapeze chimbale chomwechi chimene woimba Steven Wilson anasakanizanso mawu ake mu 2013, zoimbira zimamveka motalikirana bwino, ndipo kwa woyamba kumene zimathandiza kutsatira aliyense payekha, ngakhale ine ndimakondabe choyambirira cha Offord. Yang'ananinso chikuto chake chobiriwira chojambulidwa ndi Roger Dean, ndi pomwe chizindikiro chopindikapindika cha dzina la Yes chinayambira kuoneka pa chimbale. Chikakulowani, pitani ku Fragile ya 1971, yomwe anaimba anthu asanu omwewa, kenaka Selling England by the Pound ya gulu la Genesis ya 1973. Mudzatiuze muno mmene limba lija lakuchitirani.