Pulojekiti ikapita zonse zimafa, nanga nesi angafufuze chani pamenepo?

Imelo yafika kuchokera kwa nesi wina amene akugwira ntchito pa chipatala chaching'ono tsidya la kum'mawa kwa Shire, dzina ndasunga monga anapempha. Mwachidule akuti: "Ndatopa kuona ma pulojekiti a ana akubwera ndi galimoto zoyera, kutiphunzitsa, kutisiyira makina, kenako zii. Ndikufuna kubwerera ku sukulu ndidzakhale lekichara wochita kafukufuku, koma anzanga akuti kafukufuku ndi wa madokotala ndi azungu. Nesi angapange moyo wake pa nkhani imeneyi?"

Achemwali, angathe, ndipo chimene chakutopetsanicho ndiye mutu wa kafukufuku wanu, musapite kukasaka wina kutali ayi.

Tiyambe ndi anzanu aja. Afunseni kuti Professor Address Malata anayambira kuti. Ndi nesi komanso mzamba, anatsogolera Kamuzu College of Nursing, kenako anakakhala Vice Chancellor wa MUST kumtunda kuja ku Thyolo. KCN yomweyo inaphatikizana ndi College of Medicine mu 2021 kukhala yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo masitazi a unamwino wa ana ndi uzamba akuphunzitsidwa momwemo. Khomo lilipo, nkhani imeneyo tiyisiye.

Chimene ndikufuna tikhalepo ndi ichi. Dziko lathuli silinasowepo nzeru zatsopano zopulumutsa ana, mwinanso timaposa ena. Njira yosankha mwana wodwalitsitsa pamzere kuti aonedwe msanga, ija timati ETAT, inakulira ku Queens ku Blantyre nthawi ya Professor Elizabeth Molyneux ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Kangaru, kuika mwana wobadwa masiku osakwana pachifuwa pa mayi, inachokera ku Bogotá ku Colombia mu 1978, kuno inayambira ku Zomba mu 1999. Makina a Pumani othandiza khanda kupuma anapangidwa ndi a Rice University pamodzi ndi a ku Queens, oyambawo anali ndi timapampu ta m'matanki owetera nsomba m'nyumba, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anaonetsa kuti pa makanda 100 oikidwa pa makinawa 71 amapulumuka, pamene pa okosijeni wamba amapulumuka 44. Katemera wa malungo dziko loyamba kumuyamba linali lathu lino, mu April 2019. Zonsezi zinagwira ntchito pa tsiku loyesa. Funso lovuta ndi lakuti patapita zaka zisanu, usiku wa Lamlungu ku Ngabu kaya ku Makhanga, nesi ali yekha ndi wodi yonse, chinthu chija chikugwirabe?

Pamenepa ndi pamene nesi amaposa wina aliyense, chifukwa wopanga makina amabwera masana atavala bwino, inu ndi amene mumadziwa mmene chinthu chimafera. Ndipo sichifa tsiku limodzi. Choyamba timachubu ta m'mphuno ta saizi yaing'ono tatha, mwaoda kusitolo ya mankhwala akuti sitili pa mndandanda, mwayamba kuchapa tomwe tija mpaka tauma n'kusweka. Kenako Sister amene anapita ku wekishopu ija amusinthira ku wodi ya amuna chifukwa yafika nthawi ya roteshoni, wabwera m'malo mwake sanagwirepo makinawo ndipo akuopa kuwayatsa. Fyuluta ya konsentireta, makina opanga okosijeni aja, yadzadza fumbi la October, inu mukulidziwa fumbi la kuchigwa kuno, a PAM okonza makina a m'zipatala akuti galimoto ilibe mafuta. Mapeto ake makina aphimbidwa chitenje pakona, pamwamba paikidwa mafayilo. Mu ripoti la kumwezi alembedwabe kuti alipo. Alipodi, eti.

Onjezaninso magetsi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makina opumira sadziwa kuti kuli ndandanda ya kuzima kwa magetsi. Freddy mu 2023 anabwera kudzamaliza misewu ndi milatho. Amene analemba pulani ya pulojekiti ali ku Lilongwe sanaike ndalama za bwato mu bajeti.

Ndiye pali nkhani ya anthu eni ake, imene ine ndimaiona kuti ndi yokoma kwambiri kuifufuza. Mukufuna kuika khanda pa makina, mayi wake ali chete akuyang'ana pansi, agogo aima pakhomo akuti iyayi, mpweya uja umapha, mwana wa uje anamuika machubu omwewo mawa lake tinakaika maliro. Agogowo sakunama, anaonadi. Chimene sanaone n'chakuti mwana uja anafika mochedwa ndipo machubu anaikidwa atatsala pang'ono kale. Nesi amene amakhala pansi n'kuwafotokozera m'Chisena kaya m'Chimang'anja, n'kuwagwiritsa kachubuko pa dzanja kuti amve kamphepo kake, kapena kuitana mayi wina amene mwana wake anachira kuti alankhule nawo, ameneyo akuchita chinthu chimene chingayesedwe, kulembedwa ndi kuphunzitsidwa. Koma amangochita n'kuweruka, palibe amalemba.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo china chimene ndimakonda kuuza ophunzira. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wa mbaula zosafuka utsi wambiri, zija zinali ndi kafani ndi batire yotchajira pa sola, m'midzi 150 ndi ana opitirira 10,000. Chiyembekezo chinali chakuti chibayo chichepa mwa ana osakwana zaka zisanu. Zotsatira zitatuluka, chibayo sichinachepe. Mbaula zinkaonongeka pafupipafupi, mabanja ambiri ankabwerera pa mafuwa, komanso mwana amapuma utsi wa zinyalala ndi wa kwa aneba osati wa kukhitchini kwa mayi ake kokha. Ena anati ndalama zapita pachabe, ine ndimati ayi, ofufuzawo anatiphunzitsa kuti chinthu chikhoza kukhala chabwino mu labu koma osakhazikika pakhomo, ndipo anali ndi mtima wonena poyera.

Za ma kiliniki a m'midzi a ma HSA, amene anayamba cha mu 2008, ndingodutsa mwachangu poti mukuzidziwa kuposa ine: bokosi likakhala ndi LA, amoxicillin, zinc ndi Thanzi ORS mwana amachira pafupi ndi kwawo, likauma mayi amayenda ulendo womwe uja wakale. Ndipo kuyambira pamene thandizo la America linaimitsidwa mu January 2025, funso lakuti ndani alipira zinthu zimenezi mwini pulojekiti akachoka lasiya kukhala la m'kalasi.

Tsono muyambire pati. Osadikira sikolashipu kuti muyambe kuganiza ngati wofufuza. Tengani chinthu chimodzi pa chipatala chanu, kaya kangaru kaya ETAT, mutsegule ma rejisita a zaka zingapo zapitazo muone mwezi umene manambala anayamba kugwa, kenako mufunse kuti mwezi umenewo kunachitika chani, anachoka ndani, chinatha n'chani. Mukatero muli kale ndi funso lanulanu lopita nalo ku masitazi, ndipo supavaiza aliyense wanzeru amakonda wophunzira wobwera ndi funso kusiyana ndi wobwera kudzapempha mutu. Kungoti musayambe kufunsa odwala mafunso kapena kutulutsa ma rekodi popanda chilolezo, kafukufuku wa pa anthu amadutsa ku komiti yovomereza kafukufuku, ya ku KUHeS kapena ya boma ya NHSRC, komanso kwa akuluakulu a zaumoyo pa boma lanu. A Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW), bungwe la kafukufuku wa zaumoyo, ali ndi malo awo ku Chikwawa ndipo amagwira ntchito ndi manesi pa kafukufuku, kumeneko munthu amaphunzira kusunga deta mwaukhondo, ngakhale muchenjere kuti musakalambire pa kutolera manambala a mafunso a anthu ena.

Zowawa zake ndikuuzeniretu. Ulekichara ndi kuphunzitsa makalasi odzadza, kutsata ophunzira m'mawodi, kuchonga mapepala usiku, kafukufuku amabwera pa nthawi yotsala. Opereka ndalama amakonda chinthu chatsopano chojambulika bwino, pempho lofufuza chifukwa chimene makina a 2016 anaimira silikoma m'maso mwawo, ndiye mudzaphunzira kulilemba mwanzeru, kulilumikiza ku ndalama zimene boma likutaya pogula zinthu kawiri. Ndipo zimene mudzapeze nthawi zina zidzakwiyitsa anthu amene mumadya nawo, chifukwa yankho limakhala lakuti roteshoni ya a matroni ndi imene ikupha pulogalamu, kapena kuti anthu amapita ku wekishopu chifukwa cha alawansi osati chifukwa amagwira ku nazale.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, mukadzapita ku Blantyre kaya kunja, malo anu ofufuzira akhale konkuno. Zambiri zimene zalembedwa za makanda m'dziko muno zachokera m'zipatala zikuluzikulu za m'tauni, pamene za chipatala chimene chimadulidwa ndi madzi chaka ndi chaka zalembedwa zochepa. Munditumizire zimene mupeze mu rejisita ija, tidzaone limodzi ngati funso lake lakwana kulemba pulopozo.