Malaya anga a pakaunjika akukana utoto

FUNSO: Ndinagula malaya oyera pakaunjika, pakolala analemba kuti 100% linen. Ndinawaphika ndi makoko a anyezi kuti akhale achikasu monga ndinaonera pa Facebook koma kungochapa kawiri basi mtundu wonse wasuluka. Kodi linen ndi thonje lomweli kapena anandigwira m'maso? Mayi wa ku Santhe, Kasungu.

YANKHO: Ayi mayi, sanakupusitseni, mwatola dilu. Imeneyo ndi bafuta, ija timaimva m'Baibulo ija, ndipo siichokera ku thonje koma ku fulakesi, chomera cha maluwa abuluu chokonda kozizira, chimalimidwa kwambiri ku France ndi Belgium. Ulusi wake uli mu tsinde ngati luzi, ndiye pakatha masiku ngati 100 amachita kuzula osati kumweta kuti ulusi ukhale wautali, kenako amayala mapesiwo m'munda milungu ingapo mame ndi mvula ziwoletse khungu, akauma amawaphwanya, kuwapuntha, kuwapesa mpaka atsale ngati tsitsi, apo ndiye kupota. Ntchito yake fodya achepa.

Tsono vuto lanu ndi loti ulusi wa zomera, kaya bafuta kaya thonje, sugwira utoto wa m'khitchini chisawawa ngati ubweya wa nkhosa. Inu munalumpha sitepe.

Yambani mwawiritsa malayawo ola limodzi ndi sopo ndi madzi a phulusa osefa, muona madzi akutuluka abulauni ngakhale mumati ngoyera. Mukatsukuluza muwaviike usiku wonse m'madzi omwe mwaphikira masamba a bulugamu kapena tiyi wakuda wopanda mkaka, zimenezi zili ndi tanini, mankhwala achilengedwe amene amathandiza utoto kugwira pansalu. Mawa lake alowe m'madzi ofunda osungunulira alamu (alum pa Chingerezi, mankhwala ooneka ngati mchere omanga utoto pansalu), magalamu 15 pa magalamu 100 aliwonse a nsalu youma, apo ndiye abwere makoko aja, ambiri ndithu, kapempheni kwa ogulitsa anyezi pamsika amangotaya. Moto ukhale wa pansipansi ndipo muzitakasa apo ayi atuluka mawangamawanga.

Alamu akasowa, misomali yadzimbiri yoviika m'madzi ndi viniga imathandiza koma iwalani zachikasu, mupeza mtundu wodera wopita kobiriwira, ndipo musachulutse chifukwa chitsulo chimafooketsa ulusi.

Poto ameneyo musadzaphikirenso ndiwo chonde. Muziyanika pamthunzi, dzuwa la Okutobala la kwanuko silinyengerera.