Za ulendo wokaona macheka ku Mafinga

Achimwene, musatumize ndalama kwa munthu amene akuti adzakuonetsani macheka ku Mafinga, m'dziko la Tanzania, musanagwire m'manja kalata yochokera kwa eni fakitale, chifukwa njira yomweyo ndi imene inandiliza ine.

Ndinanyamuka pa Nkhotakota m'mwezi wa Julayi, kudzera ku Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga, n'kuwolokera pa Songwe, ndipo nditadutsa Mbeya ndi Makambako ndinafika ku Mafinga usiku wa tsiku lachiwiri. Mkhalapakati amene ndinamulipira anali atalonjeza kuti adzandilowetsa m'fakitale yaikulu yocheka paini wa m'nkhalango ya Sao Hill, kuti ndikaone kachekedwe ndi kaumitsidwe ka matabwa mu uvuni ndisanagule makina anga. Anandiuza kuti ndimudikire pachipata mamawa.

Ndinafika kusanache bwinobwino, nditavala malaya opyapyala ndi patapata monga munthu wa kunyanja, osadziwa kuti kumapiri kumeneko chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Nkhungu inali itaphimba msewu wonse. Malole odzaza zipika ankalowa limodzi ndi limodzi, fungo la utomoni lili ponseponse, macheka akulira m'kati mwa mpanda, ine ndili panja kunjenjemera. Mlonda anandilankhula Chiswahili chimene sindinkachimva, kenaka analoza mapazi anga, analoza mutu wanga, n'kutambasula dzanja kufuna pepala. Ndinalibe jombo, ndinalibe chisoti, ndinalibe kalata. Ndinaimba foni ya munthu uja mpaka batire inatha, koma inali yothima. Dzuwa litafika paliwombo ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande n'kugwetsa misozi, chifukwa ndalama zimenezo zinali za mpunga wa kilombero umene akazi anga analima okha kudambo chaka chonse.

Mpaka lero munthu ameneyo sindinamukhululukire. Ndi Mmalawi mnzathu, ankandiitana kuti m'bale, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti fakitale siilandira mlendo wopanda chilolezo cha ofesi, komabe anadya thukuta la mayi wosalakwa popanda manyazi.

Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina wocheka ndi kamakina ka injini ya dizilo kamene kumeneko amakatcha dingdong. Anandikweza panjinga yamoto kupita kumunda wa mitengo, ndipo kwa masiku awiri, tikumvana ndi manja, anandionetsa kanoledwe ka mano a macheka ndi mulu wa utuchi umene macheka ozungulira amataya chifukwa cha kukhuthala kwake. Apo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake macheka a lamba, monga a kampani ya Wood-Mizer, amatulutsa matabwa ambiri pa chipika chimodzi. Anandichenjezanso kuti paini ndi wofewa, choncho liwiro limene ndinkaona silingatheke pa bulugamu wouma amene timacheka kwathu kuno.

Langizo langa ndi lakuti mulembere ofesi ya fakitale nokha, mutenge jombo, chisoti ndi jekete yokhuthala, ndipo musakhulupirire munthu aliyense wa m'njira. Komabe mukafika, pezani wocheka wamng'ono wakomweko mukhale naye kutchire, chifukwa makina a m'fakitale yaikulu si amene inu kapena ine tingagule. Ndipo musanawononge ndalama ya basi, yambani mwapita ku Chikangawa mukaime tsiku lathunthu pafupi ndi ocheka a kumeneko, kuti mukafike ku Tanzania mukudziwa kale zoti mufunse.