Boycott linali dzina la munthu

Mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa Chingerezi, wanditumizira imelo. Akuti ophunzira ake amufunsa ngati mawu oti boycott akukhudzana ndi boy, mnyamata, komanso ngati ndi chimodzimodzi ndi sitiraka, poti pa Chichewa zonsezi timangoti kunyanyala.

Mayi, m'mawuwa mulibe mnyamata. Boycott linali dzina la munthu, Charles Boycott, Mngelezi amene anali kapitawo wa minda ya Lord Erne ku County Mayo, m'dziko la Ireland. Mu 1880 zokolola zinavuta, ndipo alimi obwereka minda anapempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti. Mwini malo anangolola 10 basi. Ena atalephera kulipira, Boycott anayamba kuwatumizira makalata owathamangitsa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthuwo sanathamangire nkhwangwa kapena moto. Anatsata njira imene Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa Land League, bungwe lomenyera ufulu wa alimi obwereka minda, anali atangoilalikira m'tauni ya Ennis: kumusala munthu ngati wakhate. Antchito onse a Boycott anachoka. Wosula zitsulo anamukana, wochapa zovala anamukana, a m'masitolo anasiya kumugulitsa kanthu, ngakhale makalata anasowa owabweretsa. Mbewu zikanawolera m'munda pakanapanda anthu pafupifupi 50 ochokera m'maboma ena a ku Ireland, a Cavan ndi Monaghan, amene anadzakolola akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000. Ndalama zolipirira chitetezocho zinaposa kutalitali mtengo wa zokololazo. Chaka chisanathe mkuluyu anachoka ku Ireland, koma nyuzipepala zinali zitayamba kale kugwiritsa ntchito dzina lake ngati mneni.

Tibwere ku funso lachiwiri lija. Sitiraka ndi ya antchito, akamakana kugwira ntchito kuti bwana amve madandaulo awo. Boycott ndi ya wina aliyense: kukana kugula, kukwera, kuvota kapena kupita kumsonkhano. Mu 1957 anthu a ku Alexandra, m'dziko la South Africa, ankayenda wapansi mpaka ku Johannesburg pokana mtengo wa basi umene unakwera ndi peni imodzi. Madalaivala anali pantchito, okwera ndiwo ananyanyala. Anawo apatseni chitsanzo chimenechi, adzamva msanga.

Kunyanyala kukukwanira bwino tanthauzo la masiku ano. Koma mukamawafotokozera za 1880, ine ndingasankhe mawu oti kusala, chifukwa zimene anakumana nazo Boycott ndi zomwe zimachitika pamudzi anthu akagwirizana zoleka kupala moto kunyumba ya munthu wina.