Mafunso ndi Mayankho: Ana a m'chigwa akufuna kukaona phiri

Funso: Akonzi, ine ndi bambo akunyumba timakhala ku Nchalo ndipo tili ndi ana atatu, wazaka 7, wazaka 4 ndi woyamwa wa miyezi 10. Wamkuluyo adaphunzira kusukulu za phiri la Mulanje, ndiye kuyambira pamenepo sakutipatsa mpata, akuti akufuna akalione ndi maso ake. Tikuganiza zopita pa tchuthi cha mu Ogasiti pa galimoto yathu yaing'ono. Koma apongozi anga akukaniza, akuti phirilo lili ndi mizimu yosowetsa anthu, komanso mwana wachiwiriyo amasanza nthawi zonse tikamakwera zitunda za Chikwawa. Kodi ulendowu ndi wotheka, kapena tidikire kuti ayambe akula?
Mayi a ana atatu, Nchalo

Yankho: Mayi, ulendowu ndi wotheka ndithu, bola inu ndi bambo mugwirizane musananyamuke kuti ndi ana amsinkhu umenewu mukathera m'munsi mwa phiri. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo ngakhale akuluakulu amphamvu zawo amagona m'njira kuti akafikeko. Mwana wazaka 7 akhutira akaima ku Likhubula, patsinde pa phirilo, n'kukweza maso kuona thanthwe la Chambe likumuyang'ana pamutu, chifukwa kwa mwana amene wakulira pakati pa minda ya nzimbe yosalala mpaka kumene maso alekezera, chimenecho chokha ndi chodabwitsa chokwanira.

Apongozi anu musawatsutse mwachipongwe, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Anthu adasowapo ndithu paphiripo. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adasiya womulondolera n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa, ndipo adapezeka patapita masabata atafa ndi kuzizira. Chimene chimasocheretsa anthu pamwambapo ndi nkhungu yomwe imatsika mwadzidzidzi n'kuphimba njira, ndipo usiku ukagwa chisanu chimamaliza ntchito. Komanso ulemu umene akuluakulu amalipatsa phirili si nkhani yachabe, pakuti mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Choncho akhazikeni pansi agogowo muwafotokozere kuti adzukulu awo sakakwera pamwamba, mukatenga wolondolera njira pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, ndipo mukatuluka m'nkhalango dzuwa likadali m'mwamba. Ndikanati muwatenge akaone okha, koma anthu asanu mwadzaza kale galimotoyo, ndipo kupanikizana pa msewu umenewu sindingakulimbikitseni.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi kuzizira, chifukwa ife a m'chigwa ndi pamene timapusira. Nchalo ili pansi pa mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Mumanyamuka kwanu ana atavala timalaya topyapyala, koma mukamafika ku Thyolo mano ali gwegwegwe. Mu Ogasiti chiperoni chimakhala chisanatheretu, ndipo kamvula kowaza kameneka, kobwera ndi mphepo yozizira yochokera ku Mozambique, kamakonda Thyolo ndi Mulanje kuposa kwina kulikonse. Mwana aliyense akhale ndi juzi, sokosi, chipewa ndi zovala zina zosinthira, ndipo muziike m'chikwama chomwe chili pafupi ndi inu, osati pansi pa katundu m'buti. Kuveka mwana zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka kumathandiza kuposa chijasi chimodzi cholemera, chifukwa masana dzuwa likawala mumangomuvulako chimodzi. Woyamwayo ndiye wofunika diso kwambiri: thupi lake limataya kutentha msanga ndipo sangakuuzeni, kotero muzimugwira pachifuwa ndi pamsana kuti mumve ngati wazizidwa. Ngati pali mwana wa mphumu, mankhwala ake ayende naye, pakuti mpweya wozizira umaiputa.

Za kusanza, vutoli limagwira kwambiri ana a zaka zapakati pa 2 ndi 12, ndipo limabwera chifukwa chakuti m'kati mwa khutu mumamva kukhotakhota kwa galimoto pamene maso akuona mpando wosayenda. Mukhazikeni pakati pa mpando wakumbuyo, atamanga lamba, kuti aziona msewu kutsogolo, ndipo musamupatse foni kapena buku kuyambira pa Thabwa mpaka mutamaliza zitunda. Adye pang'ono asananyamuke, monga phala kapena nthochi, koma mandasi, tchipisi ndi zakumwa zashuga zidikire. Tsegulani windo pang'ono, ndipo bambo ayendetse modekha pamakona m'malo mothamanga n'kumaponda mabuleki. Mapepala apulasitiki, chitenje chakale ndi botolo la madzi zikhale pafupi. Mankhwala oletsa kusanza alipo, koma ambiri amagonetsa ndipo mlingo wake umayendera msinkhu, choncho funsani kuchipatala musanamumwetse. Makutu akayamba kutsekeka pokwera, akuluwo amwe madzi pang'onopang'ono, wakhandayo muyamwitseni mukaima. Pa ulendo wonse khandalo lisakhale pamiyendo pa munthu kumpando wakutsogolo. Ngati mungapeze kapena kubwereka kampando ka ana komangirira kumbuyo, chitani zimenezo.

Kuchokera ku Nchalo kukafika ku Likhubula ndi makilomita opitirira 150. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, muwoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, mukwere zitunda injini isanayambe kuvutika ndi dzuwa, ndipo mukapume ku Blantyre kapena ku Limbe kuti ana atambasule miyendo. Kuchokera ku Limbe msewu wa Midima ndi wachidule ndipo ulibe makona ambiri, kotero ndi umene ungamukomere wosanzayo popita. Wodzera ku Thyolo ndi wotalikirapo, koma umadutsa m'minda ya tiyi yobiriwira ngati yochita kusesa, ndipo mungaudzere pobwerera ngati mwanayo wayenda bwino. Mukafika pa Chitakale mumakhotera msewu wa ku Phalombe, ndipo Likhubula ili pa mtunda wa makilomita ngati 10. Bambo aonetse galimoto kwa makaniko sabata yonyamukira, makamaka mabuleki, matayala ndi madzi a mu radiyeta. Injini ikatentha pachitunda aime pamalo otakasuka, adikire izizire, asatsegule chitsekerero cha radiyeta ikadali yotentha.

Ambiri amene amafika ku Likhubula amafuna kukaona Dziwe la Nkhalamba. Munthu wamkulu amayenda pafupifupi ola limodzi mokwera, ndiye ndi mwana wazaka 4 muwerengere kawiri, komanso muyembekezere kuti bambo amunyamula paphewa mbali ina ya njira. Onse avale nsapato zotseka, osati masilipasi. Padziwepo ndi pamene ndikukupemphani kuti mukhwimitse malamulo: madzi ake ndi akuya ndi ozizira kwambiri, miyala yake ndi yoterera, ndipo anthu odziwa kusambira adamirapo. Ana athu a m'chigwa tidawaphunzitsa kuopa madzi chifukwa cha ng'ona, ndiye akamva kuti kuno kulibe ng'ona amaganiza kuti palibenso choopsa. Aloleni aviike mapazi pamalo osaya amene wolondolera wakuonetsani, munthu wamkulu atawagwira dzanja. Mukaona kuti atopa musanafike, bwererani osadandaula, chifukwa mtsinje wa Likhubula uli ndi malo ena apafupi okhalapo n'kudya kamba wanu. Gonani ku Mulanje usiku umodzi, ndipo neti yoteteza udzudzu muitenge, pakuti m'munsi mwa phiri malungo aliko.

Funso: Akonzi, ndili ku Bangula ndipo ndikufuna kupita ndi banja langa ku phiri la Zomba. Kodi ndingapite n'kubwerera tsiku lomwelo? Ana anga ndi azaka 5 ndi 3.
Bambo wa ku Bangula

Yankho: Bambo, galimoto ikhoza kukwanitsa koma anawo sangakwanitse. Kupita kokha ndi makilomita pafupifupi 200, ndiye tsiku lonse lithera pampando ndipo paphiripo mungokhalapo kanthawi kojambulitsa. Konzani zogona ku Zomba kapena kwa achibale ku Blantyre. Ubwino wa Zomba kwa ana aang'ono ndi wakuti msewu wa tala umakwera mpaka pamwamba, kotero akaona damu la Mulunguzi ndi nkhalango ya paini osatopa ndi kuyenda, ndipo m'mbali mwa msewu mumapezeka ogulitsa zipatso za m'phirimo. Njira zopita kumalo oonerapo patali, monga Emperor's View pomwe padatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, ndi zadothi ndi zamiyala, choncho funsani anthu a pamalopo ngati galimoto yanu ingadutse. Ku dzenje la Chingwe ndi m'mphepete mwa maphompho, mwana wazaka 3 akhale m'manja kapena kumsana.

Pobwerera muwerengere nthawi kuti mutsike zitunda za Chikwawa kukadali kowala. Tsikani ndi giya yotsika kuti injini izigwira galimoto, musaiike pa nyutulo pofuna kupulumutsa mafuta, chifukwa mabuleki akapondedwa mtunda wonsewo amatentha n'kuleka kugwira. Musapitirire malole pamakona. Mukadutsa Dyeratu kumbukirani kuti madzulo ng'ombe zimakhala zikubwerera kukhola, ndipo pa Nchalo ndi pa Ngabu njinga za kabaza zambiri zimayenda zopanda nyali.