N'chifukwa chiyani amaletsa ndalama za kampeni chisankho chikayandikira?

Wowerenga wina wokhala ku Seattle, m'boma la Washington ku America, wanditumizira imelo. Akuti: "Ndamva kuti kuno ku Washington saloleza kupereka ndalama zambiri ku kampeni chisankho chikatsala pang'ono. Ndalama ndi zanga, vuto lili pati?"

Achimwene, chimene amaopa opanga malamulo ndi ndalama yobwera mochedwa dala. Mpondamatiki akathira chuma ku kampeni kutatsala sabata imodzi, mauthenga adzaza wailesi ndi TV, anthu avota, ndipo dzina lake lidzatuluka mu lipoti wopambana atadziwika kale. N'chifukwa chake boma la Washington linaika lamulo loti m'masiku 21 omaliza chisankho chachikulu chisanachitike, munthu asapereke zoposa $5,000 ku kampeni imodzi, kapena $50,000 ngati mpandowo ndi wa boma lonselo (izi zinali ziwerengero za nthawi imeneyo).

Lamuloli linafika kukhoti mu 2009. Gulu la Family PAC, lomwe linkatsutsa Referendum 71, ya ufulu wa anthu okhalira limodzi ngati banja koma osakwatirana mwalamulo, linadandaula kuti lamuloli likulimanga manja. Khoti linagwirizana nalo mu 2010, ndipo khoti la apilo la Ninth Circuit linavomereza chigamulocho. Mfundo yake inali yosavuta: masiku ano lipoti limatumizidwa pa intaneti n'kuonekera tsiku lomwelo, nanga kutsekeranji chitseko milungu itatu yathunthu? Koma samalani apa. Chigamulocho chinakhudza magulu ochita kampeni ya referendamu okha. Khoti lalikulu la America linanena kale mu 1981, pa mlandu wochokera ku Berkeley, kuti ndalama za kampeni yotere siziikiridwa malire, poti funso la pa baloti silingalandire ziphuphu ngati munthu wofuna mpando.

Maboma ena amachita zawo. Ku Florida, wopikisana yemwe ali ndi womutsutsa akalandira ndalama patatsala masiku osakwana asanu, kapena pa tsiku lovota, ayenera kuibweza kwa mwini wake. California satseka chitseko, koma m'masiku 90 omaliza ndalama iliyonse yoyambira $1,000 iyenera kulengezedwa pasanathe maola 24.

Ine ndimaona kuti njira ya California ndiyo yanzeru. Kwanuko mumavota papositi, ndipo mabaloti amatumizidwa kutatsala masiku 18, choncho "tsiku la chisankho" ndi tsiku lomaliza chabe, ambiri amakhala ataponya kale. Wovotayo afunika kudziwa lero amene walipirira uthenga umene wauona dzulo. Chiletso chimangokankhira olemera kuti apereke msanga, kapena adzigulire okha mauthenga osadzera kwa wopikisanayo, zomwe makhoti salola kuziikira malire.

Chinanso, poti simunanene za mapepala anu: ngati si inu nzika ya America ndipo mulibe green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo), lamulo la dziko lonse limakuletsani kupereka ndalama kwa wopikisana aliyense, ngakhale wa khonsolo ya mzinda, kaya kwatsala chaka kaya tsiku limodzi.