Kodi kumvetsera wandale amene umadana naye ndi kugulitsa anzako?

Imelo yandipeza kuchokera kwa mtsikana wina amene ali m'chaka chachiwiri ku yunivesite. Akuti bungwe lina la ophunzira laitana wandale kuti adzayankhule pasukulupo, ndipo anzake apangana zokadzaza holo n'kumukuwiza mpaka atsike. Iyeyo maganizo a wandaleyo amadana nawo, koma zokuwizazo mtima ukukana. Tsopano anzake ayamba kumunena kuti ndi wamantha, ena akuti wagulidwa. Funso lake ndi ili: "Kodi kulolera maganizo amene ndikuona kuti ndi oipa si kuvomereza zoipazo?"

Achemwali, ayi. Kumusiya munthu kuti amalize kuyankhula ndi nkhani ina, kugwirizana naye ndi nkhani inanso. Mukhoza kukhala phee mphindi 40, kenako n'kuimirira ndi funso loti iye atuluke thukuta. Pamenepo simunavomereze kanthu.

Taganizirani amene amaluza munthu akamukuwiza. Wandaleyo saluza. Amapita kwawo ndi vidiyo yoonetsa kuti ophunzira amuopa, ndipo mawa anthu ambiri amumva kuposa amene akadakwana mu holoyo. Oluza ndi ophunzira aja amene anabwera asanasankhe mbali, ofuna kudzimvera okha. Anzanuwo amakhala awasankhira zoti amve, ngati kuti ndi ana.

Zoterezi zinachitika pa koleji ya Middlebury, m'chigawo cha Vermont ku America, mu Malichi 2017. Charles Murray, amene ambiri amamudzudzula pa zomwe analemba zokhudza nzeru ndi mtundu wa anthu, anaitanidwa kudzayankhula. Ophunzira anamufulatira n'kumakuwa mpaka zokambiranazo anazisamutsira m'chipinda china. Potuluka, gulu la anthu linapanikiza Murray ndi amene anali naye, ndipo amene anavulala khosi anali Pulofesa Allison Stanger. Mayiyu sankagwirizana ndi Murray. Anabwera kudzamupanikiza ndi mafunso pamaso pa onse. Nkhaniyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa munthu amene anakonzeka kutsutsa ndi mfundo ndi yemwe anathera kuchipatala, ndipo dziko linakamba za chipolowecho kusiya mfundozo.

Anzanu akumbutseni za Berkeley, mzinda wa ku America kumene kuli University of California. Mu 1964 akuluakulu a University of California analetsa ophunzira kuchita zandale pamalo amene ankaikapo matebulo awo. Ambiri mwa ophunzirawo ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Wophunzira wina, Mario Savio, ndi anzake anakana chiletsocho, ndipo mu Disembala chaka chomwecho pafupifupi 800 anamangidwa atakhala pansi m'nyumba ya Sproul Hall. Ufulu woyankhula pasukulu anauvutikira ndi anthu amene analibe mphamvu. Lero gulu lanu ndi lalikulu, likhoza kutseka pakamwa wina. Nanga chaka chamawa, ochuluka akadzakhala a mbali inayo, mudzadandaula ndi mfundo iti?

Koma ndisakunamizeni kuti ulemu ndi mankhwala a zonse. Mawu oti "tiyeni tilemekezane" nthawi zambiri amatuluka m'kamwa mwa amene ali pabwino, pofuna kuti odandaula akhale chete. Munthu amene akumva wina akunena kuti mtundu wake kapena chipembedzo chake n'chachabe sangayankhe akumwetulira, ndipo palibe chifukwa chomukakamizira kutero. Mkwiyo wake uli ndi malo ake. Mfundo zimene University of Chicago inatulutsa mu 2015, zolembedwa ndi komiti yotsogozedwa ndi Geoffrey Stone, zinaligwira bwino vutoli. Zimati ulemu ndi wofunika, koma usakhale chifukwa chotsekera zokambirana, ngakhale maganizowo akhale owawa chotani. Zimatinso ophunzira ali ndi ufulu wodzudzula ndi kutsutsa mlendo, koma osati kumutchingira kuti asamveke. Kuopseza, kuzunza munthu ndi kumuipitsira mbiri ndi mabodza, zimenezo sukulu ikhoza kuletsa. Mayunivesite ena ambiri anatengera mfundozi.

Choncho ngati wandale wanuyo akubwera kudzaopseza anthu kapena kutuma anyamata kuti amenye ena, kauzeni akuluakulu a sukulu lero lomwe. Ngati akungobwera ndi maganizo amene inu mukuti ndi opotoka, kamumveni. John Stuart Mill, katswiri wa kaganizidwe wa ku England, analemba mu 1859 kuti wodziwa mbali yake yokha ya mlandu, ngakhale mbali yakeyo saidziwa kwenikweni. Ine ndinazionera pa ine mwini ndili wophunzira. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi munthu amene tinkasiyana pa chilichonse cha ndale. Usiku wina anandifunsa chifukwa chimene ndinkakhulupirira mfundo inayake, ndipo ndinapeza kuti ndinalibe yankho, ndinkangobwereza zomwe ndinamva kwa anzanga. Ndinapita kukawerenga. Maganizo anga sanasinthe, koma kuyambira pamenepo anakhala anga.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu aja oti "wagulidwa". Gulu likayamba kutcha mayina aliyense wofunsa funso, otsala amaphunzira kukhala chete, ndipo pamisonkhano mumangomva mawu a anthu atatu omwewo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achemwali. Lankhulani nawo msonkhano usanafike, ndipo musawatenge ngati adani, chifukwa chimene chikuwapweteka ndi chomwe chikukupwetekani inunso. Apempheni kuti aime panja ndi zikwangwani, agawe timapepala tosonyeza pamene wandaleyo ananama, apemphe okonza msonkhano kuti nthawi ya mafunso ikhale yokwanira, kapena aitane wawo wodzamuyankha sabata yotsatira.

Mwina akana, ndipo ena asiya kukupatsani moni kwa kanthawi. Zimenezo zimapweteka, sindikuchepetsa. Inu lowani mu holomo mutawerenga zomwe munthuyo wakhala akunena, khalani kutsogolo, funso lanu mutalilemba papepala kuti mawu akamanjenjemera musasokonezeke. Mukatuluka mundilembere, ndikufuna kumva momwe anakuyankhirani.